Njinga Yamoto Imene Ndinakana Kupereka

Amuna anga anamwalira Lachitatu, nthawi itangopitirira 11 koloko m'mawa, mwezi wa Julaye, chaka chotsatira chija tinavota zipani zili zambiri. Anamwalirira m'nyumba, ku Kawale, pabedi limene ndinalikokera pabalaza kuti aziona panja. Kuchokera pabedipo kukafika pamene panaima njinga yawo yamoto panali mapazi atatu basi. Anthu oyamba kulowa atamva kulira kwanga anachita kuizungulira njingayo kuti afike pamene panali maliro. Mayi wina anaifunditsa chitenje kuti isaoneke. Ine ndinachichotsa.

Kwathu ndi ku Thyolo. Amuna anga kwawo kunali ku Mzimba, kupitirira Jenda pang'ono, ndipo ankagwira ntchito ya umakaniko pagalaja ina ku Biwi. Ana tinabereka awiri, onse anapita asanayambe kuyenda. Tinatsala awiriwiri, mpaka njingayi inabwera kudzakhala yachitatu m'nyumba.

Anaipeza kwa mzungu wina amene ankachokera nayo ku Joni, akuti akupita kumpoto kwenikweni mpaka kumene mtunda umathera. Atafika mu Lilongwe inayamba kutentha n'kumazima. Anadikira chitsulo chake milungu itatu osabwera, mtima unamuthera, anakwera ndege. Njinga anagulitsa kwa amuna anga, mapepala n'kusainirana bwinobwino. Kunyumba inabwera pa pikapu, amuna asanu akuitsitsa.

Ine ndinakwiya. Ndinati, "Abambo, anzanu akugula malata, inu mwakagula mtembo wa njinga?"

"Mayi, dikirani idzuke," anatero. "Mudzachita kundipempha kuti ndikukwezeni."

"Ndikwere chimenechi? Ndili ndi miyendo yanga."

Anthu ku Kawale ankadziwa tinjinga ta alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, tija timalira ngati udzudzu. Iyi inali ina. Kutsogolo inali ndi chishango chachikulu chofiira, chokuta injini mpaka m'mawondo mwa woyendetsa, ndipo pamwamba pake panali galasi lopendekera kumbuyo. Amuna anga ankati chishangocho si chokongoletsera. Chimang'amba mphepo kuti idutse pamwamba pa mutu ndi m'mbali mwa miyendo, munthu n'kuyenda tsiku lonse chifuwa osapweteka. Thanki yake inali yotakata ngati mimba ya ng'ombe yokhuta. Tcheni inalibe. Mphamvu inkapita kutayala lakumbuyo kudzera m'chitsulo chozungulira chobisika m'kati mwa paipi, choncho kunalibe zoima panjira kumanga tcheni kapena kupaka mafuta. Inkamwa madzi ngati galimoto, ndipo mpope wa madziwo ndi umene unagonjetsa mzungu uja. Amuna anga anachita kusula wina kuchokera ku mpope wa galimoto yakufa. Zinawatengera miyezi isanu.

Ankakonda kunena kuti njingayi ili ndi mitima iwiri. "Kutsogoloku ndi ya mpikisano, kumbuyoku ndi ya ulendo." Mahandulo ake anali otsika pang'ono, moti woyendetsa ankaweramira kutsogolo, koma osachita kugona pathanki. Mpando unali wautali, wa anthu awiri, wakumbuyo wokwererapo pang'ono, wokhala ndi zogwirira zachitsulo uku ndi uku. M'mbali munali mabokosi awiri okhoma ndi kiyi, osalowa mvula, ochotseka ngati masutikesi. Miyendo yoimikira inali iwiri: kamwendo kam'mbali, ndi mwendo wapakati umene umanyamula tayala lakumbuyo m'mwamba.

Panja sikanagona chifukwa cha akuba. Amuna anga anagumula khomo n'kulikulitsa, eni nyumba akung'ung'udza, ndipo pamasitepe awiri a pakhonde anaikapo thabwa lokwerera. Kuti ilowe, tinkayamba tachotsa mabokosi.

Tsiku loyamba kukwera ndinakhala chammbali, miyendo yonse kumodzi, monga timakhalira pakaliyala ya njinga yakapalasa. Iwo anazimitsa injini.

"Iyi sakhalira choncho. Mundigwera pakona yoyamba."

"Ndiye nditangadze pamaso pa anthu onsewa?"

"Anthuwa ndi amene adzakutoleni mumsewu?"

Nthawi imeneyo lamulo loletsa akazi kuvala thalauza linali lisanachoke. Ndinkavala thalauza lawo lakale m'kati, kulipinda mpaka m'mawondo, chitenje pamwamba. Tikayandikira pamene paima apolisi ndinkakokera chitenje m'munsi. Pamakona a ku Dedza ndi pamene ndinaphunzira chinthu chachikulu. Njinga ikapendekera, thupi limafuna kuthawira mbali inayo. Iwo ankakuwa m'chisoti mwawo, "Pendekerani nayo! Mukalimbana nayo mutigwetsa tonse!" Ndinasiya kulimbana nayo. Kumudzi kwawo tinapitako katatu. Tikadzaza thanki ku Biwi tinkafika osathiranso, petulo wina n'kutsala.

Kenaka anadwala. Kuchipatala anati chotupa cha m'chiwindi, palibe chochita. Anagona chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Ali chigonere ankadandaula za njinga, kuti ikangokhala batire lifa, mafuta aundana. Ndiye Lamlungu lililonse ndikachoka kutchalitchi ndinkaitsitsa pamwendo wapakati, kuitulutsa pathabwa, kudina batani, n'kuisiya ilire mpaka kamuvi ka kutentha kafike pakati. Iwo ankamvetsera ali pabedi, maso ali chitsinzinire. Nthawi zina ankati, "Yakwana, zimitsani." Nthawi zina ankati, "Isiyeni pang'ono."

Maliro tinakaika kwawo. Ndinakhalako milungu iwiri. Pobwerera ku Lilongwe sindinabwere ndekha. Anandiperekeza alamu anga, akulu awo a amuna anga, pamodzi ndi msuweni wawo wina. Ndinkayesa ndi chifundo. M'mawa mwake ndinaona pikapu yahayala itaima pakhomo.

Anayamba ndi mipando. Kenaka wailesi, bedi, matilesi, bokosi la masipanala, nsapato, majekete, ngakhale mbaula yamagetsi imene ndinagula ndekha ndi malonda anga a tomato. Ine ndinakhala pamphasa pakhonde, nditavala zakuda, osanena kanthu. Zinthu zimenezo zilibe mawu. Mayi oyandikana nawo nyumba, ogulitsa makala, anabwera kudzakhala pambali panga. Iwowa pakamwa pawo panalibe chitseko.

"Tsache mwaiwala, bambo," anatero. "Lili kuseri kwa chitseko. Ndi phulusa lomwe muwole."

Alamu anapitiriza kukweza katundu. Pikapu itadzaza anaima pakhomo, manja m'chiuno, n'kunena kuti, "Mlamu, kiyi wa mthuthuthu."

Ndinati, "Njinga isiyeni, alamu."

"Tiisiyire ndani? Kuno mwatisiyira mwana? Ichi n'chuma cha mwamuna. Mkazi achita nacho chiyani, aziphikira?"

"Zonse mwatengazi sindinalankhule. Njinga yokha isiyeni."

Kiyi anamuona okha, anali pamsomali pafupi ndi zenera. Anamutenga. Alamu anali atagwirapo ntchito ya ukapitawo pa esiteti ya fodya, ndipo kumeneko ankayendera kanjinga kakang'ono kaja. Ankati adzaiyendetsa okha mpaka kumudzi, pikapu izitsatira pambuyo. Anayamba kufufuza chopondera cholizira injini, mbali iyi, mbali inayo, mpaka kugwada.

"Kiki ili kuti?"

Njingayi ilibe kiki, imalira ndi batani. Msuweni uja ndi amene analiona. Anaikankha kuichotsa pamwendo wapakati, alamu n'kukwerapo, zala zakumapazi zokha zikugunda pansi. Anaitsetserekera pathabwa. Inatsika mofulumira kuposa momwe ankaganizira, chifukwa kulemera kwake n'kwa matumba asanu a chimanga. Kutsogolo kunali mpanda wa njerwa. Anakhotetsa mahandulo n'kufinya buleki yakutsogolo ndi dzanja lonse, monga ankachitira pakanjinga ka ku esiteti kamene buleki yake umachita kuipempha. Koma iyi kutsogolo ili ndi mbale ziwiri zachitsulo, imagwira ndi zala ziwiri zokha. Tayala linaima pomwepo. Njinga inagwera kumanja, phi! mwendo wa alamu uli pansi pake.

Anausolola akukuwa, nsapato n'kutsala komweko. Anthu anali atadzaza kale pampanda. Alamu ndi msuweni anawerama kuti aidzutse. Wina anagwira galasi, wina anagwira chishango, n'kumakoka ndi msana. Inadzuka pang'ono n'kubwereranso pansi. Anayesa kachiwiri. Ndinamva kuti thwa! Galasi linang'aluka pakona. Petulo anayamba kudontha pafumbi. Anaitana dalaivala wa pikapu kuti awathandize, iye anati, "Ine mwandilemba kuyendetsa, bwana, osati kuthyoka msana."

Mayi a makala anaseka mpaka kugwira nthiti. "Chuma cha mwamuna chagona! Amuna ake ali kuti kodi?"

Apo ndinaimirira. Ndinati, "Chokanipo, mukuiswa."

Alamu akutsimphina anati, "Mukuti ndi yanu? Idzutseni tione."

Chimene sankadziwa n'chakuti njingayi inandigwerapo kanayi amuna anga akudwala. Ulendo woyamba ndinkathamangira kukaitana anthu, amuna anga anagogoda pazenera n'kunena kuti, "Osaitana munthu. Bwerani ndikuuzeni." Anandiuza ali chogwirira mafelemu a zenera, mawu akuchita kutha.

Ndinamanga chitenje mothina. Ndinazimitsa kiyi. Ndinaponda giya kuti matayala asagudubuke. Ndinatambasula kamwendo kam'mbali, kamene kanali kumwamba, kuti njinga ikadzuka isapitirire kugwera mbali inayo. Kenaka ndinaifulatira. Anthu anaseka, ankayesa ndagonja. Ndinanjuta, matako kutsamira m'mphepete mwa mpando, dzanja limodzi kugwira handulo yapansi, linalo kugwira chogwirira chachitsulo chija cha wokwera kumbuyo. Msana ndinauwongola ngati ndasenza ndowa yodzaza, maso kumwamba. Sindinanyamule ndi manja. Ndinangoyamba kuyenda chafutambuyo, timapazi ting'onoting'ono, miyendo ikukankha. Inadzuka pang'onopang'ono mpaka inaima, n'kukhazikika pakamwendo kake.

Kenaka mayi a makala analuluta.

Ndinazula kiyi n'kumumanga pakona ya chitenje, mfundo ziwiri.

Alamu anavala nsapato yawo. Nkhope inali itachita mdima. Anati, "Kudzutsa si kuyendetsa, mlamu. Fodya akayamba kugulitsidwa, malole akwathu amabwera ku Kanengo, ndipo amabwerera opanda kanthu. Ndidzabwera ndi anthu khumi. Tidzainyamula ngati thumba."

Anakwera pikapu, anapita. M'nyumba munatsala mphasa, miphika iwiri, mabokosi a njinga ndi zisoti ziwiri.

Mawu awo aja anali oona, ndipo ndi amene anandipweteka. Njinga yongokhala pabalaza anthu khumi akhoza kuinyamula. Ndinawerenga miyezi yotsala kuti msika wa fodya utsegulidwe, ndinapeza isanu ndi itatu.

Ndinapita ku Biwi kwa mdala wina amene ankagwira ntchito ndi amuna anga, wa imvi, wosowa chala chimodzi. Ndinamupeza ali pansi pa minibasi. Nditanena chimene ndabwerera anatuluka, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi, ija si njinga yophunzirira. Ija imapha amuna a ndevu."

"Ndiye mundiphunzitse isandiphe."

"Ndikupezereni wogula. Mugule mashini osokera, mukhale pansi ngati anzanu."

"Bambo, mashini osokera adzabweranso kudzanyamula. Mukakana ndikaphunzira ndekha, ndipo ndikafa mudzabwera kudzaimba nawo."

Anapukuta manja nthawi yaitali. Kenaka anati, "Malemu aja ankanena kuti muli ndi mutu ngati mwala. Bwerani Loweruka m'mawa."

Anandiyambitsa pakanjinga kakang'ono ka pagalaja, pabwalo la mpira lafumbi cha ku Area 23. Mwezi wathunthu ndinkangophunzira kusiya kilatchi pang'onopang'ono. Atandilola kukwera yanga, anayamba watsegula mpando ndi kiyi. Pansi pake pali timakwerero titatu, ndipo mpando umatha kukhala pamwamba, pakati kapena pansi. Amuna anga anali aatali, ankauika pamwamba. Mdala anautsitsa, n'kusenganso siponji yake ndi mpeni wa buledi. Mapazi anga anafika pansi, ngakhale zidendene zinali m'mwamba.

Chodabwitsa cha njingayi n'chakuti imalemera ikaima, ikayamba kuyenda kulemera konse kumatha. Vuto lili poyenda pang'onopang'ono ndi potembenuka. Mdala ankaima pakati pa bwalo akukuwa, "Osayang'ana pansi, amayi! Kumene mwayang'ana ndi kumene mupite! Mukayang'ana chulu mukagona pachulu!" Ndinagonadi pachulu. Ndinapsa katumba ndi paipi ya utsi, chipsera chilipo. Ndinathyola kalilole wakumanzere. Ndikagwa mdala sankasuntha. Ankati, "Mwini wake adzutse," n'kuyatsa fodya.

Lamulo la thalauza linali litachoka, koma pakamwa pa anthu linali lisanachoke. Tsiku lina kunabwera amayi atatu a kutchalitchi, atavala zoyera. Tinapemphera. Kenaka wamkulu wawo anati, "Mayi, tamva zoti mukuoneka pabwalo la mpira mutatangadza pamthuthuthu, zakuda zili m'thupi. Anthu akuti mwina mwapeza kale wina."

Ndinati, "Amayi, tsiku lija ankanyamula bedi m'nyumba muno, anthu amenewo anati chiyani?"

Anayang'anizana.

"Zakuda ndavala, sindinavule. Thalauzali nalonso n'lakuda, ndinachita kulinyika ndekha. Amuna anga ndikuwalira, ndipo momwe ndikuwalirira ndikudziwa ndine."

"Koma ulemu wa mkazi wamasiye, mayi."

"Ulemu ndinakhala nawo pamphasa tsiku lonse, unandisiyira miphika iwiri."

Anamaliza kumwa tiyi. Potuluka, wamng'ono mwa iwo anatsalira pang'ono, anasisita chishango n'kunong'ona kuti, "Koma simuopa?" Ndinati ndimaopa tsiku lililonse.

Mvula itayamba ndinali nditalowa mumsewu wa tala. Ndinkapita ku Likuni n'kubwerera, kenaka ku Nathenje, kenaka ku Dedza kukagula tomato ndi mbatata ya kachewere, n'kudzaza mabokosi onse awiri. Laisensi ndinakatenga mu Febuluwale. Wondiyesa ankafunsa mobwerezabwereza ngati ndabweradi nayo ndekha.

Kumayambiriro kwa Epulo kunabwera uthenga wochokera kumudzi kuti ndipite akandisudzule, ndivule zakuda, ndikhale mfulu. Ndinadziwa kuti pamwambo umenewo nkhani ya njinga idzatuluka, ndipo malole anali atatsala pang'ono kuyamba kuyenda. Ndinaganiza kuti kusiyana n'kudikira anthu khumi pakhomo panga, bola ndipite nayo ndekha pakhomo pawo.

Ndinanyamuka dzuwa litangotuluka. M'bokosi limodzi ndinaika shuga, mchere ndi sopo wa apongozi, m'linalo zovala zosinthira. Nditadutsa Mponela msewu unawongoka, ndinaponda giya yomaliza, injini inatsitsa mawu n'kumangong'ung'uza pansipansi. Apo ndi pamene ndinamvetsa zimene amuna anga ankanena. Zaka zonse zija ndinkabisala kumsana kwawo, ndinkayesa ndi iwo amene ankanditchinjiriza mphepo. Tsopano kutsogolo kwanga kunalibe munthu, koma mphepo inkadutsabe pamwamba pa chisoti. Cha ku Kasungu kunagwa mvula yamawawa. Ndinaweramira kuseri kwa galasi long'aluka lija, mawondo kukumbatira thanki, ndipo chonyowa chinali mapewa okha. Ndinalira pang'ono m'chisotimo, koma sindinaime.

Pa Jenda wapolisi anandiimitsa. "Bambo, laisensi." Nditavula chisoti anabwerera m'mbuyo. "Aa! Pepani amayi." Anaitana anzake kuti adzaone. Anandifunsa kumene ndikupita, ndinati kwa apongozi. Anati, "Apongozi amenewo akonzeke."

Msewu wafumbi wolowera kumudzi ndi umene unandivuta. Njingayi anaipangira tala, pamchenga tayala lakutsogolo limasambira. Ndinayenda pagiya yachiwiri, mapazi ali panja. Pakamtsinje kena ndinagwa. Panalibe wondiona. Ndinaidzutsa, ndinakungunta matope, ndinapitirira.

Ndinalowa m'mudzi masana. Anthu anatuluka m'nyumba atamva kulira kwa injini, ena akuthamanga, chifukwa kulira kumeneko ankakudziwa. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango, ndinaponda mwendo wapakati ndi thupi lonse, njinga inakwera yokha. Ndinavula chisoti, ndinamanga chitenje pamwamba pa thalauza, ndinapita kukagwada kumene kunali amayi.

Mwambo unachitika m'mawa mwake. Atandimeta ndi kundivula zakuda, akuluakulu anakhala pabwalo. Kumeneko mkazi wa mwana salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Amagwada patali, mawu ake amadzera mwa azakhali, alongo awo a apongoziwo. Ine ndinagwada patali monga mwa mwambo. Apongozi anali okalamba kwambiri, atakhala pampando wa ndalema umene ndinauzindikira, unali wa pabalaza panga.

Alamu anaimirira. Anati athokoza kuti mlamu wawo waganiza bwino, wabweretsa yekha katundu wa malemu, wawapulumutsa ku vuto la lole. Anati kiyi aperekedwe kwa azakhali.

Azakhali anatembenukira kwa ine. "Mwamva, mwana wanga. Tiyankhe chiyani?"

Sindinayankhe kwa azakhali. Ndinadzutsa mutu n'kuyang'ana apongozi. Amayi ena anagwira pakamwa.

Ndinati, "Adada, mundikhululukire, lero ndilankhula ndekha. Njinga sindinabweretse kudzapereka. Ndabwera nayo kuti muone kuti ili ndi woyendetsa. Mwana wanu anagona chaka ndi miyezi iwiri. M'nyumba muja ndinkadzutsa zinthu ziwiri, iye ndi njingayi. Panalibe anabwera kudzandithandiza kudzutsa ngakhale chimodzi. Mpando mwakhalirawo ndi wanga, sindikuufuna. Bedi, wailesi, mbaula, zonse khalani nazo. Koma kiyi uyu sindipereka, kwa azakhali kapena kwa wina aliyense."

Alamu anakuwa kuti uku n'kunyoza mudzi, mkazi wa kumwera sadziwa mwambo, ng'ombe za malowolo zinapita kwawo pachabe. Ena anavomereza. Ena anati mkaziyu wasokonezeka mutu ndi chisoni. Phokoso linatenga nthawi. Ine ndinangogwada, dzanja lili pamfundo ya chitenje. Mumtima ndinali nditatsimikiza kuti akafuna kiyi achite kundithyola zala.

Apongozi anagogoda ndodo pansi. Nawonso sanadzere mwa azakhali.

"Mkamwana," anatero, ndiko kuitana kwawo kwa mkazi wa mwana. "Kuchokera ku Lilongwe mwayendetsa nokha?"

"Ndekha, adada."

"Pakamtsinje paja mwadutsa bwanji? Mwana wanga ankatsika pamenepo n'kumakankha."

"Ndinagwa, adada. Ndinaidzutsa."

Anayang'ana kumtengo wa mango, kumene kunaima njinga. Kenaka anatembenukira kwa alamu. "Iwe, ukailanda, mkamwanayu abwerera pa chiyani? Umubereka kumsana mpaka ku Lilongwe? Ndi mwendo wakowo?"

Amayi kumbuyo anayamba kuseka chamumtima, kenaka poyera. Alamu anati nkhaniyi sinathe. Apongozi anati kwa iwo yatha, ndipo akufuna kukagona. Sananene kuti njinga ndi yanga. Sananenenso kuti si yanga. Ine sindinadikire kuti wina aganizenso kawiri. Ndinatsanzika azakhali, ndinapita kumanda kukaima pang'ono, ndipo dzuwa lisanapendeke ndinali nditadutsa Jenda.

Malole a fodya anabwera chaka chimenecho, anabwerera opanda njinga. Alamu mpaka lero amauza anthu kuti ndinaba chuma cha m'bale wawo. Anene. Tikakumana pamaliro ndimawapatsa moni, iwo amayang'ana kumbali.

Ndikukhalabe ku Kawale. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimadzuka m'mawa, ndimayang'ana madzi, mafuta ndi mpweya wa m'matayala, ndimamangirira mabokosi, n'kupita ku Mchinji kukatenga zitenje. Masiku enawo ndimagulitsa pamsika.